Kompyuta ya Manja Ambiri

M'boma la Chifunde, kumpoto kwa chigawo cha Tete, kompyuta ya m'nyumba sikhala ya munthu mmodzi. Wotulutsa ndalama amakhala mmodzi ndithu: mphunzitsi amene akuwonjezera maphunziro ali pantchito kudzera ku yunivesite ya UCM kapena ya UnISCED, namwino, wogwira ntchito pachipata cha kumalire cha Cassacatiza, kapena mlimi amene fodya wamukomera chaka chimenecho. Koma makinawo akangolowa pakhomo, manja amachuluka. Masana mwana wa kusekondale akulembapo za kusukulu, madzulo mlamu akufuna kusuzumira pa Facebook, Loweruka kwabwera mlembi wa kalabu ya fodya ndi mayina oti atayipidwe, Lamlungu a kwaya akukopera nyimbo m'mafulashi awo. Kukaniza n'kovuta. Munthu amene mumakumbira limodzi manda pamaliro simungamuuze kuti laputopu yanu ndi yosakhudza.

Ambiri mwa makinawa anagwira kale ntchito kwina asanafike kuno. Ena anagulidwa mumzinda wa Tete, ena anachokera ku Lusaka kudzera ku Katete ndi Chanida, ena anabwera m'chikwama cha m'bale wochokera ku Johannesburg. N'chifukwa chake ena amalemba Chipwitikizi pomwe ena amalemba Chingerezi, ndipo m'nkhani ino mawu a pasikirini titchula m'zinenero ziwirizo. Intaneti imalowa kudzera pafoni. Chiyambire 2012, pamene Movitel inayamba kuimika nsanja m'madera akumidzi kudzapikisana ndi Vodacom ndi mcel, imene lero ndi Tmcel, mphunzitsi wa ku Mualadzi kapena ku Nsadzu amatha kuyatsa hotspot pafoni n'kutumiza ntchito yake ya kuyunivesite ku Beira.

Pamakina otere, funso loyamba limene anthu amafunsa, kawirikawiri motsitsa mawu, ndi lakuti: kodi zimene ndatsegulazi ndizifufute bwanji? Ena akamva funsoli amamwetulira, kuganiza kuti wofunsayo amaonera zolaula. Alipo otere, inde. Koma aliponso mayi amene wapeza chotupa m'bere ndipo sanakonzeke kuuza aliyense, mtsikana amene amawerenga za kulera, bambo amene akufuna kumvetsa zotsatira za magazi ake, wantchito amene akufunsira ntchito kwina abwana asakudziwa. Funsolo ndi labwino. Polakwika m'pakuti anthu amayesa kuti akafufuta ndiye kuti nkhani yatha.

Zimene browser imasunga

Pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, kaya ndi Chrome, Edge, Firefox kapena Opera, imatchedwa browser, pa Chipwitikizi navegador. Imasunga zinthu zingapo zosiyana, ndipo wosazisiyanitsa amafufuta chopanda vuto n'kusiya choopsa.

Chodziwika kwa onse ndi mndandanda wa masamba amene atsegulidwa, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi. Pasikirini pamalembedwa History kapena Histórico, ndipo mukadina Ctrl ndi H pamodzi umatseguka pomwepo. Chrome imausunga masiku 90. Mndandanda umenewu ndi umene umachititsa kuti mwana akangolemba chilembo chimodzi pamwamba paja, makina amumalizire dzina la tsamba limene bambo ake anatsegula usiku.

Kenako pali ma cookies, timawu timene tsamba limasiya m'kompyuta yanu kuti lidzakuzindikireni mukabweranso. Anawayambitsa ndi Lou Montulli mu 1994 akugwira ntchito ku kampani ya Netscape, chifukwa masamba a nthawi imeneyo ankaiwala mlendo akangodina kupita patsamba lotsatira, moti kugula zinthu pa intaneti kunkavuta. Lero cookie ndi imene imakusungani m'kati mwa Facebook ngakhale mutazimitsa makina n'kukagona. Ndiye aliyense woyatsa makinawo m'mawa, tsambalo limamulandira ngati inuyo.

Cache ndi zithunzi ndi tizidutswa ta masamba timene browser imasunga kuti isatitengenso pa intaneti ulendo wina. Apa ndi pamene malangizo olembedwera anthu a m'mizinda ikuluikulu amamusocheretsa munthu wa ku Chifunde. Amati muzifufuta cache pafupipafupi kuti makina apepuke. Kwa munthu wa intaneti ya waya yolipira pamwezi, palibe chotayika. Koma kwa amene amagula ma mega a tsiku limodzi, kumalo kumene netiweki amachita kuifunafuna pachulu, cache ndi ndalama: chilichonse chofufutidwa chidzatengedwanso, ndipo wolipira ndi inu. Muifufute tsamba likamatseguka mopotoka, likamaonetsa zakale inu mukudziwa kuti zinasintha, kapena malo akatha m'disiki. Kupanda apo isiyeni.

Zotsala ndi zimene zimapweteka anthu: zolemba za m'mafomu, monga dzina, nambala ya foni ndi imelo, komanso mapasiwedi. Browser imafunsa mwaulemu ngati ikusungireni pasiwedi, ndipo ambiri amavomera chifukwa anatopa n'kuiwala. Mapasiwedi osungidwawo munthu angathe kuwawerenga ndi maso. Chrome imayamba yafunsa pasiwedi ya Windows isanawaonetse, koma makina ambiri apakhomo alibe pasiwedi ya Windows n'komwe, kapena ilipo koma ndi mwana wa giredi yachiwiri yemwe amaidziwa.

Kufufuta kwakeko sikuchedwa. Browser ili chitsegulire, dinani Ctrl, Shift ndi Delete pamodzi. Zimatheka pa Chrome, Edge ndi Firefox pomwe. Patuluka kabokosi kolembedwa Delete browsing data kapena Clear browsing data, pa Chipwitikizi Limpar dados de navegação. Pali posankha nthawi (pa Chrome ndi Edge: ola lapitali, tsiku limodzi, masiku 7, milungu 4, mpaka nthawi yonse), ndiponso timabokosi tochonga zimene mukufuna kuti zichoke. Pamakina obwereka sankhani nthawi yokhayo imene mwakhalapo. Kuchotsa zonse pakompyuta ya mwini ndi mwano, chifukwa mumamutulutsa m'maakaunti amene mwina mapasiwedi ake anaiwala kalekale. Ndiponso mndandanda woti mbee umadzutsa mafunso ambiri kuposa wosowa mizere iwiri. Ngati chovuta ndi tsamba limodzi, tsegulani History, chongani mzere umenewo n'kuufufuta wokhawo.

Fayilo imene munadawuniloda, kaya ndi kalata ya kuchipatala kaya chithunzi, imakhalabe m'foda ya Downloads, ija ya Transferências. Browser imangochotsa dzina lake pamndandanda. Fayiloyo mukaichotse nokha, n'kukhuthulanso Recycle Bin, pa Chipwitikizi Reciclagem.

Pamene tsache silifika

Kufufuta History kuli ngati kusesa pabwalo m'mamawa. Mapazi a usiku amachoka ndithu, ndipo wofika pakhomo sadziwa kumene munalowera. Koma tsache limathera m'malire a bwalo lanu. Mapazi a m'njira akadalipo, ndipo kumene munapitako akukumbukira kuti munafika.

Kumene munapitako ndi ku Google, YouTube, Facebook ndi masamba ena onse. Ngati munali mutalowa mu akaunti yanu ya Google, zimene munafufuza zinalembedwa m'makompyuta a Google, kutali ndi Chifunde. Mungazione nokha pa myactivity.google.com, ndipo ambiri akatsegula tsambali koyamba amagwira pakamwa: mavidiyo amene anaonera kalekale, mawu amene anafufuza pakati pa usiku, zonse zili pamzere. Pomwepo pali pofufutira, komanso posankha kuti zizifufutika zokha pakatha miyezi 3, 18 kapena 36. Facebook nayo ili ndi mndandanda wakewake wa zimene munafufuza.

Akaunti ya Google ili ndi msampha wina pamakina apakhomo. Mafoni a Android amayendera akaunti imeneyi. Mukailowetsanso mu Chrome ya pa laputopu n'kuvomera sync, pa Chipwitikizi sincronização, zimene mumatsegula pafoni ili m'thumba mwanu zimayamba kuonekera pa laputopu imene ana akuseweretsa pabalaza. Ambiri amene zawo zinaululika m'banja sanagwidwe ndi ukatswiri wa wina aliyense. Anadzilumikiza okha.

M'njiramo muli kampani ya foni. Masamba ambiri masiku ano amayendera https, choncho kampaniyo siona zimene mukuwerenga m'kati mwa tsamba, koma ingathe kudziwa kuti nambala yakutiyakuti inalumikizana ndi tsamba lakuti nthawi yakuti. Nambalayo ili ndi dzina, popeza simu ku Mozambique imalembetsedwa ndi chiphaso, monganso ku Zambia ndi ku Malawi. Pa intaneti ya kuofesi kapena ya kusukulu, woyang'anira netiweki angaonenso zomwezo.

Nanga zenera lakuda lija? Chrome imalitcha Incognito kapena navegação anónima, Edge imati InPrivate, ndipo limatseguka ndi Ctrl, Shift ndi N. Pa Firefox chilembo chomalizacho ndi P. Pamakina obwereka njira imeneyi imaposa kufufuta pambuyo, chifukwa mukangotseka mazenera onse otere, History, ma cookies ndi zolemba za m'mafomu zimapitira limodzi, za mwini makina osakhudzidwa. Koma limakubisani kwa okhala pampando womwewo basi. Anthu ambiri padziko ankayesa kuti limawabisa kwa aliyense, mpaka mu 2020 ena anasumira Google kukhoti la ku California ponena kuti kampaniyo inkasonkhanitsabe zochita zawo ali mu Incognito. Mu 2024 Google inavomera kufufuta zolembedwa mabiliyoni ndi kufotokoza momveka zimene zenerali silibisa.

Kutseka si kutuluka

Kunena zoona, History imangochititsa manyazi. Chimene chimaluzitsa ndalama ndi kuipitsa dzina ndi akaunti yosiyidwa chilowere. Kudina X wa pakona kumatseka zenera koma sikukutulutsani. Mawu otulukira ndi Log out, Sair kapena Terminar sessão.

Nyengo yolembetsa mayeso olowera kuyunivesite, kapena boma likalengeza ntchito, achinyamata amadzaza m'mashopu otayipa ndi kufotokopa. Amatsegula imelo pakompyuta ya pashopu kuti asindikize satifiketi, amajambulitsa ziphaso monga BI ndi NUIT, kenako amathamangira galimoto. Imelo yatsala chitsegulire, zithunzi za ziphaso zatsala pasikirini pakati pa za anthu ena. Mwini shopu angakhale munthu wokhulupirika, koma pampandopo pakhala anthu angati dzuwa lisanalowe? Wogwira imelo yanu wagwira zambiri, chifukwa masamba ena, munthu akati waiwala pasiwedi, amatumiza njira yosinthira ku imelo komweko. Si mwano kunena kuti, "Achimwene, poti mwamaliza kusindikiza, tiyeni tifufute limodzi mapepala angawo ndisanapite." Wodziwa ntchito yake sakhumudwa nazo.

WhatsApp ya pa laputopu imalowa pojambula chizindikiro cha QR ndi foni, ndipo ikalowa imakhalabe m'kati ngakhale foniyo itapita ku Furancungo. Mauthenga onse, atsopano omwe, amafika palaputopupo. Pafoni, pa Linked devices kapena Dispositivos associados, pali mndandanda wa makina onse olumikizidwa, ndipo amene simukuwadziwa muwachotse. Manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa SMS musapatse munthu, ngakhale wopemphayo alembe ngati m'bale. Akuba akalanda akaunti amalembera abale onse kuti mwini ali pamavuto, atumize ndalama pa nambala ina; ndipo ndalama ikatuluka pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, kuti ibwerere ndi ntchito.

Mankhwala enieni a makina a manja ambiri ndi aulere, koma ndi amene anthu sawagwiritsa ntchito. Windows imalola kuti aliyense akhale ndi akaunti yakeyake pamakina amodzi. Mwini akhale ndi ya administrator yokhala ndi pasiwedi. Ana ndi alendo akhale ndi ina wamba, imene singaike mapulogalamu popanda chilolezo. Aliyense amakhala ndi History yake, mafayilo ake, mapasiwedi ake. Mlamu akabwera mumamutsegulira ya alendo, iye n'kuona Facebook yake mosangalala, inu osamukaniza kanthu. Podzuka pampando, batani la Windows ndi L zimakhoma makina nthawi yomweyo.

Makolo ena amadalira History ngati kazitape wolondera ana. Nkhawa yawo ndi yomveka, koma mwana wa masiku ano amadziwa Ctrl, Shift ndi N asanadziwe kupalira bwino, ndiye mndandanda woyera sutsimikizira kanthu. Laputopu yokhala pabalaza, pamene anthu amadutsadutsa, imathandiza kuposa ukazitape. Kunena za okwatirana amene amafufuzana mafoni usiku, nkhani ino ilibe batani lowathandiza.

Fulashi ndi ma update

Kumene ma mega ndi odula, zinthu zimayenda pa fulashi: nyimbo, mafilimu, mayeso akale, mapulani a aphunzitsi. Fulashi imodzi imatha kulowa m'kompyuta ya kusukulu, ya pamsika poikira nyimbo ndi ya kunyumba tsiku limodzi, ndipo mavairasi amayenda nayo. Kale ankadziyatsa okha fulashi ikangolowa, kudzera mu AutoRun, mpaka Microsoft inatseka njira imeneyo pa Windows 7, kenako mu 2011 pa XP ndi Vista. Opanga mavairasi anasintha nzeru, tsopano amafuna chala chanu. Vairasi imabisa mafoda enieni n'kuika m'malo mwake ofanana nawo okhala ndi kamuvi pakona, amene amati shortcut kapena atalho. Mukadina, foda imatseguka ndithu, koma vairasi yalowa kale m'makina ndipo ikudikira fulashi yotsatira.

Mphunzitsi akaona mafoda ake asanduka timivi amataya mtima n'kuthamangira kufomata. Asafulumire. Mafayilo akadali momwemo, angobisidwa, ndipo umboni wake ndi wakuti fulashi imaonetsa kuti ndi yodzaza. Ipimidwe kaye ndi antivairasi pamakina abwinobwino, kenako zobisikazo ziululidwe. Mmisiri wodziwa amachita zimenezi ndi lamulo limodzi la attrib.

Windows 10 ndi 11 zimabwera ndi Microsoft Defender, yaulere, ndipo panyumba wamba ndi yokwanira bola izilandira zatsopano. Kuunjika ma antivairasi awiri kapena atatu kumangolemetsa makina, chifukwa amalimbana okhaokha. Zoopsa koposa ndi mapulogalamu akuba. Woika Office kapena Windows yosagula amayamba wazimitsa Defender kuti ka activator kake kalowe, ndipo nthawi zina amaiwala kuiyatsanso. Pulogalamu imene singalowe pokhapokha chitetezo chitazimitsidwa ndi yoti muikayikire. LibreOffice ndi yaulere, ndipo imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word ndi Excel. Mapulogalamu olonjeza kutsuka ndi kuthamangitsa makina nawonso si odalira m'chimbulimbuli: mu 2017 akuba analowetsa vairasi m'pulogalamu yotchuka ya CCleaner, ndipo anthu oposa 2 miliyoni anaidawuniloda ili yoipitsidwa. Windows ili ndi chotsukira chakechake, Disk Cleanup kapena Limpeza do Disco.

Nkhani ya ma update ndi yowawa chifukwa imadya ma mega. Ambiri amawazimitsa ataona bandulo ya mlungu yatha tsiku lomwelo popanda chimene atsegula. Mkwiyowo ndi womveka, koma update imatseka mipata imene akuba apeza m'pulogalamu. Mu Meyi 2017 vairasi ya WannaCry inakhoma mafayilo m'makompyuta oposa 200,000 m'mayiko pafupifupi 150, kuphatikizapo a m'zipatala za ku Britain, n'kumafuna dipo. Mpata umene inadzera, Microsoft inali itautseka kale mu Malichi chaka chomwecho. Anagwa ndi amene sanalandire update. Chochita chilipo. Uzani Windows kuti hotspot ya foni yanu ndi metered connection kuti isamatenge zikuluzikulu mwakachetechete, ndiyeno kamodzi pamwezi gulani bandulo ya usiku kapena pitani nayo kumene kuli Wi-Fi, muisiye imalize.

Palinso makina amene ma update ake anatha. Windows 7 inasiyidwa pa 14 Januwale 2020, ndipo Chrome inaleka kuitumizira zatsopano kumayambiriro kwa 2023. Windows 10 inafika pamapeto pa 14 Okutobala 2025, kupatula chaka chimodzi chowonjezera kwa olembetsa. Malaputopu ambiri akale sangalandire Windows 11 chifukwa imafuna purosesa yatsopanoko ndi kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0. Sikuti atayidwe. Kutayipa ndi kuonera mafilimu angapitirize, koma za banki ndi imelo zisamatsegulidwepo. Kapena aikidwe Linux Mint kapena Ubuntu, zaulere, zopepukirapo pamakina okalamba, ndipo mavairasi a timivi aja sagwira kumeneko.

Fumbi, magetsi ndi ulendo wa kwa mmisiri

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi la mumsewu ndi phulusa la lupsa zimalowa paliponse. Fani ya laputopu imakoka mpweya pansi n'kuutulutsira m'mbali, ndipo fumbi limaundana potulukira mpaka mpweya kusowa podzera. Zizindikiro zake ndi fani kulira osapuma, pansi kutentha, makina kungoti thi pakati pa ntchito, makamaka mu Okutobala. Kuika laputopu pamatilesi kapena pabulangete kumatsekeratu mpweya. Thabwa losalala ndi lokwanira. Kamodzi pachaka itsegulidwe ndi wodziwa kuti ipukutidwe. Mphemvu ndi nyerere zimakonda kufunda kwa m'katimo, ndipo zimaitanidwa ndi nyenyeswa za chakudya pakiyibodi.

Tete ndi kwawo kwa damu la Cahora Bassa, lopanga ma megawati 2,075, koma mawaya opita kumaboma ndi ataliatali, ndipo m'dzinja magetsi amatha kuthima n'kubwera mwamphamvu. Nthawi yoopsa ndi pamene akubwerera. Akathima zulani pulagi, mudikire akhazikike. Kukayamba kugunda zulani zonse. Kachipangizo kotchinga magetsi ochuluka kamathandiza pa zing'onozing'ono, koma mphezi ikagwera pa waya chapafupi sikangalimbe. Laputopu ili ndi mwayi woti batire limaigwira magetsi akazima. Kompyuta ya patebulo imafuna UPS, apo ayi imazima ili pakati polemba pa disiki, ndipo umo ndi mmene mafayilo, ndi Windows yomwe, zimawonongekera. Kumene kuli sola kapena jenereta, yatsani inveta kapena injini kaye, makina mulumikize pambuyo. Chaja yosagwirizana ndi ma volti olembedwa pansi pa laputopu ingathe kuotcha za m'kati.

Makina akale ali ndi hadi disiki, mbale zozungulira ka 5,400 pamphindi ndi kamutu kowerenga koyandama pamwamba pake, pa mpata wochepetsetsa kuposa tsitsi. Kuigwedeza ili chiyakire, kapena kuikweza panjinga yamoto mumsewu wa mabampu isanazimiretu, kumakanda mbalezo. Muzizimitsa kwenikweni, osangopinda chivundikiro. SSD ilibe chozungulira, ndipo kuiika m'laputopu yakale kumaifulumizitsa kuposa pulogalamu iliyonse yotsukira.

Disiki iliyonse idzafa, ndipo nthawi zambiri sichenjeza. Monografia yomalizira maphunziro, malikisi a kalasi yonse, zithunzi za ukwati ndi za ku mwambo wa Kulamba, mayina a alimi ndi ngongole zawo za fetereza, zonsezi zikhale pamalo awiri kapena atatu. Pakhale fulashi kapena disiki yapadera imene siyenda m'makina a anthu ena, ndipo isasungidwe m'chikwama cha laputopu, popeza wakuba amanyamula chikwama chonse. Zolemba n'zopepuka, ndiye kuziponya pa Google Drive, pamene akaunti iliyonse ili ndi 15 GB yaulere, kapena kudzitumizira pa imelo, sikudya ma mega ambiri.

Kuchokera ku Cassacatiza kukafika mumzinda wa Tete pamsewu wa N9 ndi makilomita oposa 250, choncho a kumalire amaona kuti ku Katete ndiye pafupi. Kulikonse kumene apite, makinawo kawirikawiri amatumizidwa ndi munthu wina n'kukagona kushopu mwini ali kutali. Ngati akuyakabe, koperani mafayilo anu, tulukani m'maakaunti onse, ndipo apa ndiye posankha nthawi yonse m'kabokosi kofufutira ka browser kaja, mapasiwedi omwe achoke. Ngati vuto ndi sikirini, kiyibodi kapena pochajira, mmisiri safunikira pasiwedi yanu. Akaunti ya alendo imukwanira poyesera. Muuzeni momveka, pafoni kapena pakapepala: "Amisiri, chonde musafomate musanandiimbire." Kufomata ndi njira yachidule imene imathetsa mavuto ambiri msanga, koma imapita ndi zonse. Makina akazimiratu musanachite zimenezi, sinthani mapasiwedi a imelo ndi Facebook pafoni, n'kuwachotsa pamndandanda wa zipangizo zolumikizidwa.

Kugulitsa kuli ndi vuto lakelake. Fayilo yofufutidwa, ngakhale Reciclagem itakhuthulidwa, sichoka nthawi yomweyo pa hadi disiki. Windows imangolemba kuti malowo alibenso mwini, ndipo zolembedwazo zimakhalapo mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Mapulogalamu aulere ngati Recuva ndi PhotoRec amatha kuzibweza. Wofufuta monografia mwangozi apepukidwe mtima, bola aleke kugwiritsa ntchito makinawo nthawi yomweyo. Koma wogulitsa laputopu akuyesa kuti zithunzi zake anachotsa ayenera kuda nkhawa. Musanagulitse kapena kupatsa m'bale, gwiritsani ntchito Reset this PC, pa Chipwitikizi Repor este PC, musankhe kuchotsa zonse ndiponso kutsuka disiki. Pa hadi disiki ntchitoyi imatenga maola angapo, choncho iyambidwe tsiku limene magetsi ndi odalirika kapena batire la sola ladzaza. Wogula makina akale achitenso chimodzimodzi asanalowetsemo akaunti yake iliyonse, popeza sadziwa zimene mwini wakale anasiyamo. Laputopu ikafa osadzukanso ndipo mukuigulitsa kuti ena atengeko zipangizo, disiki muitulutse isanachoke pakhomo. M'malaputopu ambiri akale ili pansi pa kachivundikiro kogwidwa ndi masikuluwu ochepa, ndipo ikaikidwa m'kabokosi ka USB imagwiranso ntchito yosungira mafayilo.